Bryant Park

Paki yaing'ono ya mumzinda wa New York, kuseri kwa nyumba yaikulu ya New York Public Library, pakati pa misewu ya 40th ndi 42nd. Akatswiri okonza mizinda amaitchula kawirikawiri akamafotokoza zimene zimakokera anthu kumalo opumulirako.

M'zaka za m'ma 1970 anthu ankaiopa. Inali pamalo okwera kuposa msewu, yotchingidwa ndi mpanda wachitsulo ndi zitsamba zowirira, moti wodutsa sankaona za mkati. Ogulitsa mankhwala ozunguza bongo anaisandutsa msika wawo. William H. Whyte, yemwe ankajambula ndi kamera mmene anthu amakhalira m'mabwalo a mumzindawu, analangiza kuti zotchingazo zichoke ndipo polowera pachuluke. Kwa iye, mlonda weniweni wa paki ndi khamu la anthu.

Pakiyi inatsekedwa mu 1988 kuti ikonzedwe, n'kutsegulidwanso mu 1992. Imadziwika kwambiri ndi mipando yake yobiriwira, yopepuka, yosakhomeredwa pansi. Munthu amakoka mpando pang'ono chabe, kaya kuthawa dzuwa kaya kusendera kwa mnzake, basi malowo asanduka ake. Benchi yokhomeredwa ilibe ufulu wotere. Palinso tinyumba togulitsiramo zakudya, zimbudzi zosamalidwa bwino, ndi mitengo yamthunzi m'mphepete mwa kapinga. Oyang'anira amawerenga amayi amene afika, chifukwa malo akayamba kuopsa, oyamba kuwathawa ndi iwowo.

Nyengo yotentha amaonetsa mafilimu panja. Yozizira amakonza bwalo loseweramo pa ayezi. Pansi pa kapingayo pali zipinda zosungiramo mabuku a laibulale ija.