Mota Yoyalika ya Sitima Zaliwiro

Mota yoyalika, imene akatswiri amaitcha linear induction motor, ndi makina a magetsi amene sazungulitsa mpini koma amakankha chinthu molunjika kutsogolo. Ndipo wofuna kuimvetsa alingalire mota ya m'chigayo itang'ambidwa mbali imodzi ndi kuyalidwa pansi monga mphasa. Chigawo chake chimodzi, cha mawaya amkuwa okulungidwa m'mizere ya chitsulo, chimamangidwa kunsi kwa sitima. Chinzake ndicho chimpanthi cha aluminiyamu chokhomedwa pa chitsulo, choyalidwa pakati pa njanji kuyambira kumene ulendo uyamba kufikira kumene utha. Magetsi akalowa m'mawayawo amabala mphamvu ya maginito yothamanga motsata utali wa motayo, mphamvuyo nidzutsa magetsi ena m'aluminiyamu, ndipo pokankhana ziwirizi sitima imasuntha, ngakhale palibe giya, palibenso gudumu lopalasa njanji.

Nzeru imeneyi anayamba kuiyesa Charles Wheatstone ku London m'zaka za m'ma 1840, koma amene anailera kufikira itakula ndiye Eric Laithwaite, mphunzitsi wa ku Manchester, amene anasamukira ku Imperial College mu 1964. Sitima yoyesera ya RTV 31, yokankhidwa ndi mota yotere, inafika makilomita 167 pa ola ku Earith mu February 1973, boma la Britain nkuleka kupereka ndalama mwezi womwewo; ina ya ku Pueblo ku America inapyola makilomita 400 pa ola mu 1974.

Mmisiri woilinganiza amayamba ndi masamu a liwiro. Mphamvu ya maginito ija imathamanga mtunda wa pakati pa mitu iwiri ya maginito, kuchulukitsa kawiri, kuchulukitsanso ndi kuwirikiza kwa magetsi pa sekondi. Kotero kuti mitu yotalikirana masentimita 30, ikapatsidwa magetsi owirikiza ka 50 pa sekondi monga a kampani ya magetsi ya ZESCO, imapereka mamita 30 pa sekondi, ndiwo makilomita 108 pa ola, ndipo kuti ifike pa 400 pafunika makina okweza kuwirikizako kufika ka 185. Sitima nayo iyenera kutsalira pang'ono m'mbuyo mwa mphamvuyo masiku onse, pakuti ikangolingana nayo, magetsi a m'aluminiyamu amazima ndipo kukankha kumatha.

Koma walira mvula walira matope. Mpata wa pakati pa zigawo ziwirizi, umene m'mota yozungulira ya msinkhu wapakati sumapyola kwenikweni milimita imodzi, pano umakhala pafupifupi sentimita yathunthu, chifukwa sitima imagwedezeka ndipo njanji siikhala yosalala konsekonse; mpata waukuluwo umadya magetsi ambiri osagwira ntchito. Choipa choposa nchakuti mota iyi ili ndi mutu ndi mchira: kumutu ikumana nthawi zonse ndi aluminiyamu watsopano amene amakaniza maginito kulowa msanga, kumchira isiya mphamvu yotayika, ndipo pamene liwiro likula, kutayikako kumakulanso, mwakuti amisiri amakakamizika kuitalikitsa ndi kuchulukitsa mitu yake, kulemera nako nkumakwera. Nchifukwa chake sitima zaliwiro lenileni, ya ku Shanghai ya 2004 imene inkafika makilomita 430 pa ola ndi ya ku Japan imene inafika 603 mu April 2015, zinatsata mtundu wina, umene mawaya ake ali m'njira ndipo sitima imanyamula maginito akeake. Mota yoyalika inapeza malo ake m'mizinda: SkyTrain ya ku Vancouver kuyambira 1985, njanji yapansi ya ku Osaka mu 1990, ndi Linimo ya ku Aichi mu 2005.

Ulemu wake waukulu uli pa chitunda, ndipo munthu wa ku Kacholola, amene amaona malole akukwawa pa Great East Road pochokera ku mlatho wa Luangwa, sasowa womuuza chimene phiri limachita ndi katundu. Gudumu lachitsulo limaterereka pa njanji yonyowa, pamene sitima yokankhidwa ndi maginito imakwera mamita 6 pa mamita 100 alionse mosavutika. Komabe sikungakhale kwanzeru kuiyembekezera kudera la Great East Road limenelo, pakuti njanji ya Chipata ndi Mchinji, yotsegulidwa mu 2010, ndi inanso ya makilomita pafupifupi 390 imene inalinganizidwa mu 2016 kuti idzere ku Petauke kukalumikizana ndi njanji ya TAZARA ku Serenje, nzonyamula katundu wolemera pa mtunda wautali. Ndipo pa njanji yotere kilomita iliyonse ikanafuna aluminiyamu wake, wokhomedwa molingana mosapyola mamilimita ochepa, pamodzi ndi magetsi osaduka, amene chilala cha 2024 pa damu la Kariba chinaonetsa kuti sapezeka nthawi zonse.