Kuyang'anira makampani ogulitsa masheya m'Malawi

Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange uli ku Blantyre, ndipo malonda a masheya adayamba mu 1996 ndi kampani ya NICO. Woyang'anira makampani onse ochita malondawa ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi, potsata malamulo a Securities Act ndi Financial Services Act a 2010.

Kampani yogulira anthu masheya iyenera kukhala ndi chiphaso, mpamba wokwanira, ndiponso kusunga ndalama za makasitomala padera. Lomalizali ndilo lamulo lalikulu: ndalamazo zikasakanikirana ndi za kampani, tsiku lomwe kampaniyo yagwa kasitomala amagwera limodzi. Kampaniyo iyeneranso kudziwa kasitomala ndi kumene ndalama zake zachokera. Ikakayikira, imadziwitsa Financial Intelligence Authority monga likunenera lamulo la Financial Crimes Act la 2017. Choncho mlimi wa fodya wa ku Santhe wofuna kugula masheya asadabwe akamufunsa chitupa cha unzika ndi mapepala a ku okushoni.

Kuyambira 2018 malonda amayenda pakompyuta, ndipo masheya amasungidwa m'kaundula wa pakompyuta ku Reserve Bank, m'malo mwa ziphaso zapepala zomwe zinkasochera.