Mawu amene mafilimu a Jean Charles amalimbana nawo

Pa 22 July 2005 apolisi a mu London anawombera Jean Charles de Menezes m'sitima ya pansi pa nthaka, pa siteshoni ya Stockwell. Anali wa ku Brazil, wa zaka 27, wokonza zamagetsi. Anamuyesa mmodzi mwa anthu amene anafuna kuphulitsa mabomba dzulo lake, ndipo zipolopolo 7 zinalowa m'mutu.

Filimu yosimba nkhani yotere amaitcha docudrama: zinthu zinachitikadi, koma amazisewera ndi anthu a zisudzo. Wolemba ali ndi ufulu wopeka zimene anthu ankakambirana pakhomo, koma pa imfayo ayenera kutsata umboni. Filimu ya Jean Charles ya Henrique Goldman, ya mu 2009, inathera nthawi yambiri pa moyo wake wa mlendo: ntchito, abale, mapepala okhalira m'dziko la eni. Ndikuona kuti anaganiza bwino, pakuti mlendo akaphedwa, nyuzipepala zimayamba ndi mapepala ake, umunthu wake n'kubwera pambuyo.

Mawu ovuta koposa ndi akuti woganiziridwa, amenenso ali m'dzina la sewero la pa Disney+ la mu 2025, Suspect. Amamveka ngati osakondera, komatu akangomatidwa pa munthu, chilichonse chimene wachita chimasanduka umboni. Kunamveka kuti Jean Charles anavala chijekete chokhuthala ndipo analumpha chotchinga cholipirira. Zoona zake n'zakuti anavala jekete yopyapyala ya jinzi, anatenga nyuzipepala yaulere, n'kulowa ndi khadi lake ngati wina aliyense. Apa m'pamene pagona ntchito ya kubwereza zochitika, luso lojambulanso mphindi iliyonse monga mboni ndi makamera zinaonera. Woonera amaona yekha munthu akudutsa mosatekeseka, bodza lija n'kugwa.

Pali mawu enanso a kubwalo. Pa kafukufuku wa imfayi mu 2008, woweruza analetsa gulu logamula kunena kuti anaphedwa mosemphana ndi lamulo. Gululo linakana kunena kuti anaphedwa mwalamulo, n'kupereka open verdict, chigamulo chosiya funso lili chitsegukire. Mu 2007 polisi ya Metropolitan inalipitsidwa mapaundi 175,000 pa mlandu wophwanya malamulo a chitetezo cha anthu. Palibe wapolisi ndi mmodzi yemwe amene anazengedwa mlandu wa imfayi.