Mvera, 28 Novembala 1889

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi langa la Histole, ambiri mwa inu nditakudzutsani pakati pa usiku mungathe kunena kuti msonkhano wa ku Berlin unali mu 1884 mpaka 1885, ndipo mungatchule Bismarck osaphethira. Lero ndikufuna tiike chaka china pambali pa chimenecho, chaka cha kwathu konkuno. Amene amayenda pa msewu wa Lilongwe kupita ku Salima amadziwa Mvera ngati malo a asilikali, kapena poima minibasi. Koma ine ndimati Chichewa chimene timawerenga m'mabuku chili ndi mchombo wake pamapiri amenewa.

Pa 28 Novembala 1889 azungu awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku Cape, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, anakhoma hema wawo m'dziko la mfumu ya Angoni, Chiwere. Murray anafika kunyanja mu 1888 ndipo anayamba wakhala ndi a mishoni ya Livingstonia, ya Dr Robert Laws. Dzina la mishoni yatsopanoyo analitenga ku phiri la Mvera, ndipo sizovuta kuona chifukwa chake mlaliki angakonde dzina lotere.

Taonani chakacho. Mu 1889 momwemo Harry Johnston anali kuyenda m'mbali mwa nyanja kusainitsa mafumu mapangano, kuphatikizapo Jumbe wa ku Nkhotakota. Mu Okutobala kampani ya Cecil Rhodes inalandira chilolezo chake ku London. Boma la Angerezi linalengezedwa kuno mu 1891. Ndiye kuti pamene azungu awiriwa ankafika, mwini dziko anali Chiwere, ndipo popanda mawu ake hema uja sakanakhomedwa. Apa ndi pamene ndimalimbikira ndi ana a Fomu 3, chifukwa mabuku ambiri amalemba ngati amishoni ankangosankha malo monga munthu asankhira mbatata pamsika.

Nanga Chiwere anavomereranji? Maganizo anga ndi akuti anali munthu wowerenga nyengo. Mzungu pakhomo anali ulemu pamaso pa mafumu ena, anali njira ya nsalu ndi mankhwala, komanso khutu lomvera zimene azungu ena akukonza. Zimene zinatsatira zikundivomereza. Mwase Kasungu anagonjetsedwa ndi asilikali a boma kumapeto a 1895, Gomani anaphedwa mu 1896, Mpezeni anagonja mu 1898. Dziko la Chiwere linalowa pansi pa boma popanda nkhondo ngati zimenezo. Ena adzati kumeneko ndi kugonja basi. Akhoza kutero, koma nkhondo yoteroyo sinafike kwa anthu ake.

Kuchokera pa Mvera ntchito inafalikira msanga. Robert Blake anatsegula Kongwe mu 1894, ndipo ndi dzina lake limene sekondale ya kumeneko ikudziwika nalo. Mu 1896 Vlok anakatsegula Nkhoma kwa mfumu Mazengera, amene anthu ake ankabisala m'phiri kuthawa nkhondo. Cha mu 1913 likulu la mishoni linasamukira ku Nkhoma, ndipo kuyambira pamenepo Mvera inakhala ngati mayi amene mwana wake watchuka kumuposa. Munthu amati ndine wa Sinodi ya Nkhoma, satchula Mvera.

Koma nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Baibulo. William Hoppe Murray, msuweni wa Andrew Charles, anafika mu 1894. Mu 1900 amishoni a mipingo yosiyana anagwirizana kuti pakhale Baibulo limodzi la Chinyanja loti liziwerengedwa ku Blantyre, ku Mvera ndi kwina konse, ndipo katundu wamkulu wa kumasulira anagwera William Murray, mothandizana ndi Alexander Hetherwick wa ku Blantyre. Gawo la ntchitoyi linachitikira pa phiri la Kaso pafupi ndi Mvera. Chipangano Chatsopano chinatuluka mu 1907, Baibulo lonse mu 1922. Ndilo Buku Lopatulika lija agogo anu analikutira ndi kansalu.

Aphunzitsi a Chichewa, taganizani. Munthu wobadwira ku Cape sakanadziwa yekha kusiyana kwa chisoni ndi chifundo, kapena mawu oyenera pa nkhani ya nsembe, ya chipangano, ya dipo. Mawu amenewa anachokera m'kamwa mwa aphunzitsi ndi akulu a mpingo a kuno amene ankakhala naye tsiku ndi tsiku, kukana mawu awa, kuvomera awo. Choncho kalankhulidwe ka m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi kanalowa m'buku limene linakawerengedwa mpaka ku Chipata, ku Tete ndi m'makomboni a ku migodi ya ku Rhodesia ndi Joni. Kwa mabanja ambiri limenelo linali buku lokhalo m'nyumba. Ana anaphunzira kuwerenga pa ilo, ndi kalembedwe kake kakale kaja ka "c" m'malo mwa "ch". Pamene Buku Loyera linatuluka mu 1998 ndi dzina loti Chauta pamene lakale limati Yehova, madoda ambiri anapukusa mitu, ndipo ena mpaka lero salisiya lakale lija.

Anthu akuda sanakhale othandiza chabe mpaka kalekale. Mu 1925 Namon Katengeza ndi Andreya Namkumba anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoni imeneyi, ndipo mu 1926 Nkhoma inalowa mu CCAP. Kuchokera 1889 kufika 1925 ndi zaka 36. Ine ndimaona kuti kunali kuchedwa, makamaka poganiza kuti sukulu za m'midzi zinali m'manja mwa aphunzitsi akuda kuyambira kale. Ndipo sitingabise kuti mpingo wa ku South Africa umene unatumiza amishoniwa ndi womwewo umene pambuyo pake unaikira kumbuyo ndale za tsankho. Ulamuliro wonse unaperekedwa ku Sinodi ya Nkhoma mu 1962.

Mmodzi mwa ana a sukulu za mishoni imeneyi anali mphunzitsi mnzathu, Samuel Josia Ntara, wobadwa mu 1905. Buku lake la Nthondo linapambana mpikisano wa olemba m'zilankhulo za mu Africa, linasindikizidwa mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira. Analembanso Mbiri ya Achewa, ndi mbiri ya mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi. Inu amene mumaphunzitsa pafupi, kuchoka ku Dowa boma kupita ku Mvera si ulendo wotopetsa. Pemphani akulu a mpingo akuonetseni tchalitchi chakale ndi phiri la Kaso, ndipo ana atenge makope.