Zofunika pokonza sitolo ya pa intaneti yosavuta kugulamo

Sitolo ya pa intaneti ndi tsamba kapena pulogalamu ya pafoni imene munthu amasankhirapo katundu, kulipira, n'kuitanitsa kuti katunduyo am'peze kumene ali. Kusiyana kwake ndi sitolo ya pamsika n'kwakuti mulibe wogulitsa woti alonjere wogula, am'sonyeze pali katundu, kapena am'yankhe akafunsa mtengo. Ntchito zonsezi zimagwiridwa ndi tsambalo, ndipo likalephera pa imodzi yokha, wogula amachoka osatsanzika, mwini sitolo osadziwa chimene chalakwika.

Malonda a mtunduwu anayamba kukula m'zaka za m'ma 1990. Kampani ya Amazon, imene Jeff Bezos anaiyambitsa ku America mu 1994, inatsegula tsamba lake logulitsa mabuku mu July 1995. Muno mu Africa, sitolo ya Takealot inayamba ku South Africa mu 2011, pamene Jumia inayamba mumzinda wa Lagos ku Nigeria mu 2012. Pa zaka zonsezi vuto limodzi silinathe. Bungwe la Baymard Institute la ku Denmark, lomwe limafufuza za masitolo otere, limapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse amene aika katundu m'dengu la pa intaneti, pafupifupi 70 amachoka asanalipire. Ena amakhala akungoona mitengo chabe, koma ambiri amabwezedwa ndi zinthu zimene okonza tsamba akadatha kuzipewa.

Kupeza katundu

Ntchito yoyamba ya tsamba ndi kuthandiza wogula kupeza chomwe wabwerera. Katundu amayenera kuikidwa m'magulu amene ali ndi mayina odziwika kwa ogula, osati manambala amene eni sitolo amagwiritsa ntchito mosungira katundu. Pamwamba pa tsamba lililonse pamafunika kabokosi kofufuzira, komwe kazitha kupeza katundu ngakhale munthu atalakwitsa chilembo chimodzi, komanso kuzindikira mayina osiyanasiyana a chinthu chimodzi. Wolemba kuti "lamya" ndi wolemba kuti "foni" ayenera kuona katundu yemweyo. Ngati katundu ndi wambiri, wogula azitha kusankha malinga ndi mtengo, kukula kapena mtundu.

Zithunzi ndi mtengo

Pachichewa pali mawu akuti malonda ndi m'maso. Popeza wogula sangagwire nsalu kapena kuyesa nsapato, zithunzi zimayenera kuonetsa katundu weniweni kuchokera mbali zingapo, ndipo pambali pake palembedwe muyezo, kulemera kwake, zomwe anapangira, ndiponso ngati katunduyo alipo kapena watha. Kulandira ndalama pa katundu amene anatha kale ndi njira yachidule yothamangitsira makasitomala.

Nkhani ya mtengo ndi yaikulu kwambiri. Kafukufuku wa Baymard amasonyeza kuti mwa zifukwa zimene anthu ofunadi kugula amasiyira dengu, chotsogola ndi ndalama zoonjezera zomwe zimatulukira kumapeto, monga msonkho ndi zotumizira katundu. Choncho mtengo wonse uyenera kuoneka msanga, wogula asanayambe kulemba dzina lake.

Dengu ndi polipira

Dengu ndi malo amene katundu wosankhidwa amasungidwa podikira kulipira. Liyenera kuoneka pa tsamba lililonse, kulola wogula kuchotsa kapena kuonjezera katundu, komanso kusunga zomwe wasankha ngakhale netiweki itaduka kapena foni itazima.

Polipira ndi pamene ogula ambiri amatayikira. Mu 2009, katswiri wina wa ku America, Jared Spool, analemba za sitolo ina yaikulu imene inkakakamiza wogula aliyense kutsegula akaunti asanalipire. Ogula atsopano ankadana nazo, ndipo akale ambiri ankaiwala mawu awo achinsinsi. Eni sitolo atachotsa lamuloli n'kuika batani lolola munthu kupitiriza popanda akaunti, malinga ndi Spool, ogula anachuluka ndi 45 pa 100 aliwonse, ndipo m'chaka choyamba sitoloyo inapeza madola 300 miliyoni oonjezera.

Kampani ya Amazon inaona kufunika kofupikitsa njira yolipirira kotero kuti mu 1999 inatenga chiphaso cha umwini wa luso logula pongodina kamodzi. Mphamvu ya chiphasocho inatha mu 2017. Phunziro lake n'lakuti funso lililonse losafunikira limachotsa ogula ena. Fomu izifunsa zokhazo zofunika potumiza katundu, izisonyeza masitepe amene atsala, ndipo munthu akalakwitsa, izimuuza momveka pamene walakwitsa popanda kufufuta zonse zimene walemba kale.

Njira zolipirira ndi chitetezo

Masitolo oyamba ankadalira makhadi a kubanki, koma m'maiko ambiri a mu Africa anthu ochuluka alibe makhadiwa. Zinthu zinasintha kampani ya Safaricom itayambitsa M-Pesa ku Kenya mu 2007. M'dziko muno, Airtel Money inayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013. Sitolo yofuna ogula a kuno imene ilibe njira yolipirira pafoni imakhala yatsekera kunja anthu ambiri. Jumia nayo inakopa ogula ku Nigeria powalola kulipira katundu akafika, chifukwa ambiri ankaopa kutumiza ndalama kwa munthu amene sanamuonepo.

Mantha amenewa ali ndi chifukwa, popeza akuba pa intaneti ndi pafoni alipo. Tsamba logulitsa katundu liyenera kugwiritsa ntchito njira ya HTTPS, imene imabisa zomwe wogula akulemba kuti wina asaziwerenge panjira. Kuyambira mu July 2018, pulogalamu ya Chrome imachenjeza poyera kuti tsamba lopanda HTTPS n'losatetezeka. Amene amalandira makhadi amatsatiranso malamulo a PCI DSS, omwe makampani a makhadi anakhazikitsa mu 2004. N'chifukwa chake amalonda ang'onoang'ono ambiri amasiyira ntchito yolandira ndalama mabanki kapena makampani ovomerezeka m'malo mosunga okha manambala a makhadi. Sitolo yoona siifunsa wogula nambala yake yachinsinsi ya kubanki kapena ya pafoni kudzera pa lamya ngakhale uthenga. Ndalama zikalowa, wogula alandire lisiti nthawi yomweyo.

Foni ndi liwiro

Anthu ambiri m'dziko muno amafika pa intaneti kudzera pa foni ya m'manja, ndipo amagula bandulo yowerengeka. Mu 2010, Ethan Marcotte anafotokoza njira yokonzera tsamba limodzi lomwe limadzisintha lokha malinga ndi kukula kwa galasi la foni kapena kompyuta, ndipo njirayi ndi imene ikutsatidwa kwambiri lero. Mabatani azikhala aakulu mokwana chala, ndipo zithunzi zizichepetsedwa kulemera kuti zisamalize bandulo ya wogula.

Jakob Nielsen, katswiri wochokera ku Denmark, analemba mu 1993 kuti makina akayankha pasanathe sekondi imodzi maganizo a munthu sasokonezeka, koma akapitirira masekondi 10 munthu amayamba kuganiza zina. Tsamba liyenera kuyesedwa pa foni yotsika mtengo komanso kumalo kumene netiweki ndi yofooka, osati mu ofesi mokha.

Anthu olumala asaiwalidwe. Bungwe la W3C linatulutsa malangizo otchedwa WCAG mu 1999, ndipo lakhala likuwakonzanso. Mwa zina, malangizowa amafuna kuti chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu ochifotokoza, omwe makina angawerengere munthu wosaona, ndiponso kuti mtundu wa zilembo usiyane bwino ndi mtundu wa pamene zalembedwa.

Kutumiza ndi kubweza katundu

Fomu zambiri zokopera kunja zimafuna dzina la msewu ndi nambala ya nyumba, zinthu zomwe anthu ambiri a kumudzi ndi a m'makomboni sazigwiritsa ntchito. Fomu yabwino imapereka mpata wolemba boma, dera, chizindikiro chodziwika monga sukulu, tchalitchi kapena chigayo, ndi nambala ya foni. Imaperekanso mwayi wokatenga katundu pamalo amene agwirizana. Tsiku lofikira katundu, njira yobwezera katundu wolakwika, ndi nambala yoimbira pakavuta, zonsezi zilembedwe poonekera.

Malamulo

M'dziko muno, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza malonda ochitikira pa makina ndipo lili ndi ndime zoteteza ogula. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limayang'anira kasungidwe ka mbiri za anthu monga mayina ndi manambala a foni. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula amene anamizidwa. Mwini sitolo ayenera kulemba poyera dzina la bizinesi yake ndi kumene imapezeka.

Kuyesa ndi anthu enieni

Wokonza tsamba saona zovuta zake chifukwa amadziwa kale njira zonse za mkati mwake. Mu 2000, Nielsen analemba kuti kuyesa tsamba ndi anthu asanu okha kumaonetsa pafupifupi 85 mwa zovuta 100 zilizonse, ndipo analangiza kuyesa kangapo ndi magulu ang'onoang'ono m'malo moyesa kamodzi ndi khamu. Kayesedwe kake sikafuna ndalama zambiri: munthu amapatsidwa foni n'kuuzidwa kuti agule chinthu china, ndipo wokonza tsamba amangoyang'ana osam'thandiza. Paliponse pamene munthuyo waima, wafunsa kapena wabwerera m'mbuyo, pamalembedwa kuti pakonzedwe sitolo isanatsegulidwe.