Udindo wa makolo pa mankhwala a mwana wodwala matenda a bipolar

Bipolar ndi nthenda ya maganizo imene imasinthasintha munthu pakati pa nyengo ziwiri. M'nyengo imene madokotala amaitcha mania, wodwala amakhala ndi mphamvu zopyola muyeso, amagona pang'ono koma osatopa, amalankhula mosalekeza ndipo amachita zinthu zoika moyo wake pachiswe. M'nyengo inayo amakhumudwa kwambiri, safuna kuchita chilichonse, ndipo nthawi zina amalingalira zodzipha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayerekeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni anali ndi nthendayi.

Kawirikawiri imayamba munthu akatha msinkhu, ndipo siipezekapezeka mwa ana aang'ono. Kupsa mtima msanga kapena kusamvera pakokha si umboni wake. Chamba, matenda a chithokomiro ndi malungo okwera m'mutu amathanso kusokoneza khalidwe mofananamo, n'chifukwa chake katswiri wa matenda a maganizo amayamba wamuona mwana kwa nthawi asanalembe mankhwala. Akatswiri otere amapezeka m'zipatala monga cha Zomba Mental ku Malawi, Chainama Hills ku Lusaka ndi Ingutsheni ku Bulawayo.

Lithium

Dokotala wa ku Australia John Cade ndiye analemba mu 1949 kuti lithium amaziziritsa mania. Vuto lake n'lakuti mlingo wochiza uli pafupi kwambiri ndi mlingo wovulaza. Choncho magazi amayezedwa patatha maola 12 chimwereni mankhwala, poyamba sabata iliyonse, ndipo mlingo ukakhazikika, pakapita miyezi ingapo. Impso ndi chithokomiro zimayezedwa pafupifupi miyezi 6 iliyonse. Kumene kulibe zipangizo zoyezera magazi, malangizo a WHO salola kuyamba mankhwalawa.

Lithium amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Thupi likachepa madzi ndi mchere, impso zimamusunga ndipo amachuluka m'magazi. Zimenezi zimachitika mwana akatsegula m'mimba, akasanza, akatentha thupi ndi malungo, kapena akatuluka thukuta kwambiri m'chilimwe. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene amagulidwa mosavuta m'magolosale ndi m'mafamase, amachulukitsanso lithium. Paracetamol alibe vuto limeneli. Mwana akayamba kunjenjemera kwambiri, kudzandira, kulemera lilime kapena kuodzera kosazolowereka, asamwetsedwenso lithium mpaka ataonedwa kuchipatala tsiku lomwelo.

Mankhwala ena

Risperidone, aripiprazole, quetiapine ndi olanzapine amagwira msanga pa mania. Ku America atatu oyambawo ndi ololedwa kuyambira zaka 10, pamene olanzapine ndi kuyambira zaka 13. Amawonjezera njala, amanenepetsa, ndipo angakweze shuga ndi mafuta m'magazi. Choncho sikelo ya mwana iyenera kulembedwa asanayambe kumwa ndiponso paulendo uliwonse wa kuchipatala. Kuuma kwa khosi, kutembenuka kwa maso kapena kulephera kukhala pansi ndi zizindikiro zoyenera kunenedwa msanga.

Sodium valproate ndi woopsa kwa mwana wosabadwa. Mwa ana 100 amene amayi awo ankamwa mankhwalawa ali oyembekezera, pafupifupi 10 amabadwa ndi chilema, ndipo 30 mpaka 40 amavutika pa kakulidwe ka nzeru. Mu 2018 dziko la Britain linakhwimitsa malamulo operekera valproate kwa atsikana ndi amayi amene angathe kutenga pakati. Makolo a mtsikana ali ndi ufulu wofunsa ngati palibe mankhwala ena.

Carbamazepine amafooketsa mapiritsi olera ndiponso dolutegravir, mmodzi mwa ma ARV amene anthu ambiri m'chigawo chino amamwa. Iyeyu ndi lamotrigine angayambitse zidzolo zoopsa m'masabata oyambirira, makamaka zikabwera ndi kutentha thupi kapena zilonda m'kamwa. Mankhwala ochiza kukhumudwa monga fluoxetine, akaperekedwa okha, angadzutse mania.

Ntchito ya pakhomo

Mankhwala asungidwe ndi munthu wamkulu pamalo otsekedwa, chifukwa mapiritsi ambiri omwedwa nthawi imodzi angaphe. Ndi bwino kuti munthu mmodzi yekha ndiye azipereka, pa nthawi yofanana tsiku lililonse, ndi kulemba m'kope pamodzi ndi maola amene mwana wagona. Tsiku likadumphidwa, mlingo wotsatira usawirikizidwe. Kusowa tulo kwa masiku awiri kapena atatu nthawi zambiri ndiko kumatsogolera mania, ndipo kope lotere limathandiza dokotala kuona msanga.

Dokotala aliyense amene akuona mwanayo, ngakhale pa chifuwa kapena dzino, auzidwe zimene akumwa, kuphatikizapo mankhwala azitsamba. Mwana wa kusukulu yogonera komweko afunika munthu mmodzi wodalirika, monga namwino kapena woyang'anira malo ogona, wodziwa mankhwala ake ndi wosunga chinsinsi. Popeza mankhwala amatha kusowa m'zipatala, makolo azikatenga ena akale asanathe.

Ngozi yaikulu imabwera mwana akapeza bwino, pamene banja limaganiza kuti wachira, kapena achibale akulimbikira kuti vuto ndi ufiti kapena mizimu. Kusiya lithium mwadzidzidzi kumabweza nthenda mofulumira ndipo kumakulitsa chiopsezo cha kudzipha. Akafuna kusiyitsa, madokotala amachepetsa pang'onopang'ono kwa masabata osachepera 4. Pemphero ndi chilimbikitso cha abale zingapitirire popanda kuchotsa mankhwala. Wachinyamata amene amafunsidwa maganizo ake, ndi kumvedwa akadandaula za kunenepa kapena tulo m'kalasi, sabisa mapiritsi kawirikawiri, ndipo amaphunzira kudzisamalira asanachoke pakhomo pa makolo ake.