Belu, Chikoti ndi Mpango: Malamulo a Sukulu ku Nkhotakota

Lero tiloŵera kunyanja, ku Nkhotakota, ndipo tiyambira pa pepala lija limamatidwa kuseri kwa chitseko cha kalasi: fika msanga, vala yunifolomu, meta tsitsi, usayankhule mphunzitsi asanakuloze. Mwana amaliŵerenga ngati kuti linagwa ndi mvula. Chikhalirecho lamulo lililonse pa pepalalo lili ndi mwini wake, chaka chake, ndi chimene mwiniyo ankafuna. Ena mwa malamulowo analera ana. Ena anawatsekera kunja.

Amishoni asanamange sukulu ku Linga, ana ena anali akuphunzira kale. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikitsa pamenepo malonda a minyanga ndi akapolo. Pamodzi ndi Aswahili ake panafikanso Chisilamu, ndipo pamene pali mzikiti madrasa sakhala patali. M'madrasa mwambo wake unali woonekeratu: mwana afike atasamba, akhale pamphasa, alembe pa thabwa kuyambira kudzanja lamanja kupita kumanzere, abwereze mau a Korani pamodzi ndi anzake kufikira ataloŵa m'mutu. Mwalimu sankasoŵa kamtengo pambali pake.

M'chaka cha 1894 mpingo wa UMCA, umene unali utakhazikika kale pa chilumba cha Likoma kuyambira 1885, unatumiza wansembe Arthur Fraser Sim kukatsegula mishoni ku Kota Kota, monga Azungu ankatchulira dzinali. Inali nthaŵi imene ufumu wa a Jumbe unali kutha. Wotsiriza anachotsedwa pampando ndi boma la Atsamunda natumizidwa ku Zanzibar. Sim sanakhalitse: anamwalira mu 1895, chaka chomwe Bishopu Chauncy Maples anamira panyanja naikidwa m'manda pamishoni pomwepo. Koma sukulu inatsala, ndipo inabweretsa chinthu chimene mudzi wa asodzi sunachizoloŵere: belu.

Taganizani, omvera. Msodzi saona nthaŵi pa koloko. Amaona mwezi, pakuti usipa umagwidwa bwino usiku wamdima. Amamvera mphepo, pakuti mwera ukaomba bwato silichoka pagombe. Mlimi wa mpunga kudambo amafuna mwana wake m'maŵa kuti akaingitse mbalame, nthaŵi yomweyo imene belu likulira. Choncho lamulo loti "fika msanga", limene kwa mphunzitsi linali laling'ono, pakhomo linali nkhani ya ndiwo ndi nkhokwe.

Ngakhale ulemu weniweniwo unatembenuzika. Kwathu mwana amalemekeza wamkulu potsika: mtsikana agwade, mnyamata anjute, maso pansi, chinthu alandire ndi manja aŵiri. Kusukulu anauzidwa kuti mphunzitsi akaloŵa aimirire, ayankhe mokweza, ayang'ane amene akumufunsa. Mwana mmodzi yemweyo, tsiku limodzi, ankasenza miyambo itatu: wa kunyumba, wa kumadrasa ndi wa kumishoni. Ine sindidabwa kuti ena ankasokonezeka. Ndimadabwa kuti ambiri anaikwanitsa yonse.

Komatu lamulo lolemera kuposa onse silinalembedwe pa chitseko. Sukulu ya mishoni inali khomo la mpingo. Tsiku linkayamba ndi mapemphero, katekisimu anali phunziro lalikulu, ndipo njira ya wophunzira wabwino inkaloza ku ubatizo. Kholo lachisilamu linkaona zimenezi bwino lomwe. Linkaopa kuti mwana akasiya swala, akadya zosayenera, akabwera ndi dzina lachilendo. Ambiri anasankha kusunga ana awo kumadrasa, ndipo zotsatira zake zinaoneka patapita zaka: pamene boma linkafuna makalaliki, aphunzitsi ndi anamwino, ana a Asilamu anali ochepa pamzere. Ena amene analimba mtima analoŵa sukulu ndi maina achikhristu ongobwereka. Kunena zoona, amishoni anaphunzitsa anthu ambiri ndipo sitingawalande ulemu umenewo. Koma khomo lawo linali ndi mtengo wake, ndipo oulipira anali ana.

Boma linachedwa kuloŵererapo. Bungwe la Phelps-Stokes litayendera dziko lino mu 1924, Dipatimenti ya Maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, ndipo lamulo la maphunziro linatsatira mu 1927. Thandizo la ndalama linabwera ndi oyendera sukulu, ndipo woyendera amafuna kaundula: abwera angati, ajomba angati. Kujomba kunasanduka mlandu wolembedwa m'buku.

Za chikoti sitichulukitsa mau, poti ambiri a inu mukuchikumbuka pathupi. Chinalipo kumadrasa, chinalipo kumishoni, chinalipo m'sukulu za boma, pamodzi ndi abale ake: kuzula chitsa, kukumba dzenje, kutchetcha udzu dzuŵa lili pamutu. M'sukulu zambiri munalinso kachikwangwani kopatsirana, kamene ankakoleka m'khosi mwa aliyense wogwidwa akuyankhula chinenero cha makolo ake, ndipo mwambo umenewu sunathe ngakhale Chicheŵa chitakhala chinenero cha dziko mu 1968. M'zaka za m'ma 1970 malamulo a kavalidwe anachoka pasukulu nakuta dziko lonse: lamulo la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, amuna nawo analetsedwa kuŵeta tsitsi. Lamulo la zovalalo linafafanizidwa mu 1993.

Kuyambira pamenepo zinthu zinasintha mothamanga. Mu 1993 momwemo atsikana amene anachotsedwa sukulu chifukwa cha pakati analoledwa kubwereranso akabereka. Mu 1994 sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, yunifolomu inaleka kukhala yokakamiza, ndipo chiŵerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko linaletsa chilango chomenya m'nthambi za boma, ndipo Unduna wa Maphunziro umaletsa kukwapula ana. Kuletsa pa pepala n'kwina, kuleka n'kwinanso. Mphunzitsi wa ana zana limodzi pansi pa mtengo wa mango analandidwa chikoti osapatsidwa chogwirira china.

Ndili ku koleji ya aphunzitsi ndinatumizidwa kukayesera ntchito pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja yomweyo. Belu lake linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo. M'kalasi mwanga munali mnyamata wina wochedwa tsiku ndi tsiku, wonunkha nsomba, wosinza. Ndinatsata buku: ndinamutuma kukakumba dzenje la zinyalala. Anakumba bwino, popanda kudandaula, anzake akuphunzira masamu. Patapita milungu itatu mphunzitsi wina wachikulire anandikokera pambali nati, "Achimwene, mwana uja amakoka khoka usiku kuti agogo ake adye. Mwamulanga chifukwa chophonya phunziro loyamba, ndiye mwamuphonyetsanso lachiŵiri." Ndinasoŵa poyang'ana. Teremu yotsatira mnyamatayo sanabwerenso, ndipo dzenje lija linagwira ntchito kufikira ine nditachoka.

Nkhani ya khomo ija nayo sinathe ndi Atsamunda. Mu 2019 kunabuka mkangano ku Balaka pa sukulu za mpingo wa Anglican, atsikana achisilamu atabwezedwa chifukwa chofunda mpango kumutu, umene amautcha hijabu. Anthu anavulala, sukulu zinatsekedwa kwa kanthaŵi. Bungwe la Public Affairs Committee linakhalitsa pansi atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu, ndipo mu 2021 anasainirana pangano lolola hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Mu 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamulanso kuti ana a Chirasta asabwezedwe m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo lopotana.

Kuchokera pamene Sim anafika ku Linga kufikira pangano la 2021 panapita zaka 127. Panganolo linanena kuti mpangowo ufanane mtundu ndi yunifolomu.

Nthaŵi yatithera, omvera. Tidzakumananso sabata yamaŵa. Gonani bwino.